Kodi kuperekeza wodwala kuchipatala ndi kuvomereza zochita zake?



Lero tikambe nkhani yomwe ambirife timaizemba. Chonde werengani mpaka kumapeto musanakwiye.

Amene munadutsapo pa Lizulu mukudziwa mmene pamakhalira. Minibasi ikangoima, mabeseni a tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere afika kale pawindo. Msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino ndi Ntcheu, ukangowoloka tala uli ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Pamsika pomwepo, mnzanga wina amene tinkakhala naye mkeka umodzi ku madrasa anandikokera pambali tsiku lina madzulo.

Anati, "Akhi, pali mnyamata wasiya kumwa ma ARV, miyezi itatu tsopano. Thupi layamba kutha. Akuopa kupita yekha kuchipatala, ndiye wandipempha kuti ndimuperekeze. Koma mnyamatayu amagonana ndi amuna anzake. Ndikapita naye, sindichimwa?"

Tsiku limenelo sindinamuyankhe. Ndinapita nalo kunyumba funsolo, ndipo linandisowetsa tulo.

Tiyambe ndi zomwe tonse tikudziwa. Masheikh athu amaphunzitsa kuti mchitidwewu ndi woletsedwa m'Chisilamu, ndipo sindinabwere kudzasintha zimenezo. Mu July 2023 Asilamu ndi Akhristu anayenda limodzi m'misewu ya m'mizinda yathu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Lamulo la dziko lino limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndipo mu June 2024 khothi linagamula kuti lamulolo likhalebe. Kutsidya kwa msewu, Mozambique inachotsa lamulo lotere mu 2015. Koma mnzangayo sanandifunse za lamulo kapena za ukwati. Anandifunsa za munthu amene akudwala lero.

Anthu oterewa alipo, ndipo kachilombo kawakhudza kwambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu 2009 anapeza kuti mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo amene anayezedwa muno m'Malawi, mmodzi mwa asanu alionse anali ndi HIV. Nthawi imeneyo, mwa akuluakulu onse m'dziko muno anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Ambiri mwa amunawa ali ndi akazi kapena zibwenzi zachikazi. Choncho mwamuna akasiya mankhwala, nkhani siithera pa iye. Imakafika kwa mlongo wathu amene sakudziwa kalikonse, ndiponso kwa mwana amene ali m'mimba.

Mwina mukuti, "Nanga si ma ARV ndi aulere? Akulephera chiyani kukatenga?" Zoona, ndi aulere kuyambira 2004. Koma ganizirani mudzi umene aliyense amadziwa njinga ya mnzake. Uima pamzere, wina akuona. Ufunsidwa mafunso, ndipo yankho loona lingakufikitse kupolisi kapena kukuthamangitsitsa pakhomo. Munthu wamantha amasankha kukhala chete, thupi n'kumatha pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene panabwerera njira yogwiritsa ntchito anzawo. Mabungwe ngati CEDEP akhala akuphunzitsa amuna ena a m'gulu lomweli kuti akhale alangizi a anzawo. Mmene zimayendera n'zosavuta. Munthu amene sangauze dokotala, sangauze bambo ake, sangauze sheikh, amauza mnzake. Mnzakeyo amamubweretsera kachipangizo kodziyezera yekha, kongopaka m'nkhama, zotsatira n'kutuluka pa mphindi 20. Zikaonetsa kuti kachilombo kalipo, amamuperekeza kukatsimikiza kuchipatala ndi kuyamba mankhwala. Tsiku lokatenga ena likayandikira amamukumbutsa pafoni. Akasowa amamufunafuna. Ndipo woyambayo amabweretsa mnzake, mnzakeyo n'kubweretsanso wina.

Phindu lake ndi lalikulu. Munthu akamamwa piritsi lake tsiku lililonse, pakatha miyezi pafupifupi 6 tizilombo timachepa m'magazi mpaka makina osatha kutiona, ndipo zikakhala choncho sapatsira mnzake pogonana. Akamadumphadumpha, tizilombo timachulukanso, mwinanso kuyamba kupima mphamvu ndi mankhwalawo. Choncho mnzake amene amamukumbutsa uja akuteteza anthu ambiri amene sadzawaona n'komwe.

Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ntchito zambiri zotere zinasokonekera. Mwina n'chifukwa chake mnyamata uja anasowa kolowera mpaka kufikira mnzangayo, munthu amene si wa gulu lake, amangogulitsa naye moyandikana.

Tsopano funso lija. Kodi kumuperekeza ndi kuvomereza?

Ngozi ikachitika pa M1, timathamanga kukanyamula ovulala. Sitiyamba tanunkhiza m'kamwa mwa dalaivala kuti tione ngati anamwa mowa. Timamunyamula, ndipo palibe amene amati tavomereza mowa. Kusamala moyo ndi nkhani ina, kuweruza zochita ndi nkhani inanso. Maulama amaphunzitsa kuti Shariya inabwera kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Moyo uli pamenepo, ndipo sanalembepo kuti moyo wa olungama okha. Komanso ngati timamufuniradi zabwino munthu pamaso pa Allah, tizimufuna wamoyo. Wakufa salangizidwa.

Ena amati matendawa ndi chilango, musiyeni alandire. Abale, tiope Allah pa mawu amenewa. Nanga mwana wobadwa nako kachilombo walakwa chiyani? Nanga mayi amene sanatulukepo m'banja lake? Ndani mwa ife anapatsidwa kaundula wa amene akulangidwa ndi amene akuyesedwa?

Ena amati, "Mabungwe amenewa ali ndi zolinga zawo." Mutha kusiyana nawo maganizo pa zambiri, ufulu umenewo muli nawo. Koma dzifunseni: mnyamata wathu, amene timaswali naye safu imodzi pa Jumuah, atadwala usiku uno, angaimbire ndani mwa ife? Ngati yankho ndi loti palibe, vuto siliri kwa amene akumuthandiza. Ife ndi amene tinatseka chitseko. Tinachitseka ndi nthabwala za m'magulu a WhatsApp, ndi mayina onyoza amene timaponya tikamaseka, osadziwa kuti mmodzi mwa amene akuwerenga akuphunzirapo kuti kwa ife asadzayerekeze kuyankhula.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Munthu akakuuza za matenda ake, wakusungitsa amana. Surat Al-Hujurat imatiletsa kufufuza zobisika za anzathu ndi kuchita miseche. Masiku ano miseche ili ndi mapiko: chithunzi chimodzi cha meseji chimafika ku Dedza, ku Lilongwe mpaka ku Joni dzuwa lisanalowe. Pamapeto pake munthu amamenyedwa, amathawa kwawo, amasiya mankhwala. Amene anatumiza uja amati amateteza dini, pamene wathandiza kukumba manda.

Patapita masiku awiri ndinabwerera kwa mnzangayo. Ndinati, "Akhi, pita naye. Usamufunse zambiri, usauze munthu, ngakhale ine usandiuze dzina lake. Akadzakufunsa zomwe umakhulupirira, udzamuuze zoona mwaulemu. Koma lero akufunika mankhwala."

Anapita naye m'mawa kwambiri, msika usanadzaze. Mnyamatayo anayambiranso kumwa. Zomwe zili mumtima mwake sindikuzidziwa, ndipo si ine wozifufuza. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ali moyo, ndipo amayi ake sanayale mphasa ya maliro.

Ndikupempha zinthu zitatu basi. Kayezetseni inu eni, chifukwa HIV si ya gulu limodzi. Wina akakuululirani za thanzi lake, tsekani pakamwa. Ndipo musanatumize nthabwala ija pagulu, ganizirani amene angakhale akuiwerenga ali ndi botolo la mapiritsi lobisidwa pansi pa matiresi.

Amene muli ndi maganizo osiyana, lembani m'munsimu, koma mwaulemu, ndipo osatchula dzina la munthu aliyense.

Allah achize odwala athu, abise zofooka zathu monga ifenso tibisira anzathu, ndipo atiteteze ku lilime lopha. Ameen.