Kodi nkhawa ndi kuchepa kwa imani?



Mnzathu akatiuza kuti zinthu zamulemera m'mutu, timakonda kuyankha kuti: "Aise, pirira. Uziswali kwambiri, imani yako yatsika." Timanena ndi mtima wabwino. Koma kodi mawuwa ndi oona? Nanga amamuthandiza, kapena amangomutseka pakamwa?

Tiyambe taona katundu amene wasenzayo. Mwana wa ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe kapena Phalula akasankhidwa kupita ku UNIMA, MUBAS kapena Machinga TTC, mudzi wonse umaika chiyembekezo pa iye. Mayi agulitsa nandolo, amalume a ku Joni atumiza ya thiransipoti, aliyense akuti "ameneyu ndiye atiwombole." Si onse amapeza mwayi wa ngongole ya fizi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lendi ndi zakudya zinakwera, koma thumba la kumudzi linali lomwelo. Munthu akudya kamodzi patsiku, mayeso ayandikira, ndipo kuimba foni kunyumba kuti zikuvuta akuchita manyazi. Tulo sitikubwera, akawerenga sizikulowa. Munthu wotereyu tizimuuzanso kuti Allah sakukondwera naye?

Mu Surah Yusuf timaphunzira kuti Mneneri Yaqub (AS) anadandaula mwana wake mpaka maso anayera, komabe mpaka lero timamutchula ngati chitsanzo cha kupirira kwabwino. Mtumiki Muhammad (SAW) anataya mkazi wake Khadija (RA) ndi amalume ake Abu Talib m'chaka chimodzi, ndipo chakacho chimatchedwa Chaka cha Chisoni. Ndani angayerekeze kunena kuti anthu awa imani inawachepera?

Wina atha kunena kuti: "Koma Yaqub ankadandaulira Allah, osati anthu." Zoona, ndipo duwa isachoke pakamwa pathu. Koma kumbukirani tsiku limene Mtumiki (SAW) anatsika kuphanga la Hira akunjenjemera. Anapita kwa Khadija n'kumuuza mantha ake. Khadija sanamudzudzule. Anamufunditsa, anamumvetsera, anamukumbutsa zabwino zimene amachita, kenako anapita naye kwa Waraqah ibn Nawfal, munthu wodziwa. Choncho kufotokozera munthu za mavuto ako sikuphwanya sabr. Sabr ndi kusataya chiyembekezo mwa Allah pamene ukufunafuna njira.

Za kuchipatala nazonso si zachilendo m'Chisilamu. Abu Zayd al-Balkhi, yemwe anamwalira mu 934, analemba buku la Masalih al-Abdan wa al-Anfus. M'menemo anasiyanitsa chisoni chokhala ndi chifukwa chodziwika, chimene chimachepa pokambirana ndi kukonza kaganizidwe, ndi china chobwera popanda chifukwa chooneka, chimene gwero lake ndi thupi ndipo chimafuna mankhwala. Ife tomwe tikadwala malungo timapempha duwa uku tikumwa LA. Bwanji zikakhala za m'mutu timathamangira kunena kuti ndi majini basi?

Ndiye tichite chiyani? Yang'anani pamzere wa swala. Amene ankabwera Fajr nthawi zonse ndipo wasowa, musamuweruze, kagogodeni pachitseko chake. Ngati papita masabata awiri sakugona bwino, sakudya, wasiya makalasi ndipo akudzipatula, amenewo atha kukhala matenda. Mumvetsereni kaye musanayambe ulaliki. Ngati ndi njala, gawanani ufa. Ngati akulankhula zoti moyo watopa nawo, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha. Uzani munthu wamkulu wodalirika ndipo muperekezeni kuchipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka, komwe angathe kumutumiza ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God.

Zimene wakuuzanizo ndi amana. Kuzijambula n'kuziponya pa gulu la WhatsApp ndi miseche, ngakhale mutalemba pamwamba kuti "tiyeni timupangire duwa."

Kwa iwe amene ukuwerenga izi mtima uli thi: suli Msilamu wolephera, ndipo zoti mwamuna salira usazimvere. Mutu umodzi susenza denga. Lero lomwe uza munthu mmodzi amene umamukhulupirira.

Allah atipepukitsire mitolo yathu, ndipo atipatse makutu omvera anzathu. Ameen.