Kodi Khasu Lisinthidwa Dzuwa Litapendeka?

Tsiku lina madzulo, m'nyengo yachisanu imene chimanga chili kale m'nkhokwe ndipo anthu amachezera pamoto kufikira nkhuni zitatha, anafika kwathu mlamu wanga, munthu wa zaka 49 amene wagwira ukalaliki zaka 24 wopanda mbiri yoipa, ndipo titalonjerana, nsima itadyedwa, ana atapita kukagona, anasendeza mpando wake pafupi ndi wanga nati, "Alamu, ndadza ndi mtolo. Mtima wanga watuluka mu ofesi muja. Ndifuna kuphunzira ukalipentala, kuti ndibwerere kumudzi ndikasonkhanitse anyamata ongokhala pamsika aja, ndiwaphunzitse ntchito ya manja. Akunyumba akuti ndidikire penshoni, anzanga akuti ndalodzedwa. Koma chondisowetsa tulo ndi ichi: ngati Mulungu ndiye anandipatsa ntchito imene ndili nayoyi, kodi poisiya sindikhala ngati mwana wokana nsima ya amake?"

Usiku umenewo sindinawayankhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiponso funso lawo ndi lakale kuposa maofesi ndi mapenshoni. Ndinayamba ndi kuyesa mawu a iwo amene amaletsa, ndipo ndinapeza kuti si anthu opusa. Mtumwi Paulo, polembera Akorinto, analangiza kuti munthu aliyense akhazikike m'makhalidwe amene anali nawo pamene Mulungu anamuitana. Ndipo Martin Luther, m'zaka za m'ma 1500, anamanga pa mawu amenewo chiphunzitso chakuti wosoka nsapato, mlimi ndi mayi wolera ana atumikira Mulungu mosapambanidwa ndi wansembe, kotero kuti palibe chifukwa chothawira ntchito wamba pofunafuna ina yooneka yopatulika. Makolo athu nawo, amene anaona anthu ambiri a mitima iwiri akutha ngati makatani, anatisiyira chenjezo lakuti mapanga awiri avumbwitsa, ndi lina lija lakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pamwamba pa zonsezi, munthu wa zaka 49 sakhala yekha: kumbuyo kwake kuli mkazi amene anapirira naye m'masiku a usiwa, ana ofuna fizi, mbumba imene imayang'ana kwa iye pa matenda ndi pa maliro, kapenanso ana amasiye a mbale wake, ndipo Paulo yemweyo, polembera Timoteo, ananena mawu owawa kwambiri za munthu wosasamalira a m'banja lake. Amene anyoza mawu onsewa nawatcha mantha a anthu okalamba, ameneyo sanasenzepo banja.

Komatu Buku Lopatulika lomwelo, limene liyamikira kukhazikika, ladzala ndi anthu amene Mulungu anawazula pa ntchito zawo, ena tsitsi litayamba kale kuyera. Mose anakhala zaka 40 m'nyumba ya Farao, naphunzira nzeru zonse za Aigupto; anakhalanso zaka 40 ku Midyani akuweta nkhosa za mpongozi wake Yetero; ndipo pamene munthu wina aliyense akadayesa kuti chatsala ndi ndodo ndi manda, iye anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 80, nayamba ntchito imene timukumbukira nayo kufikira lero. Amosi anali woweta ziweto ndi wosamalira mikuyu ku Tekowa, wosabadwira m'banja la aneneri, koma anatengedwa kubusa natumidwa kukadzudzula Israeli. Elisa anapezedwa akulima ndi ng'ombe, ndipo chofunda cha Eliya chitamugwera, anapha ng'ombe zake, naphika nyama yake ndi mitengo ya goli, nadyetsa anthu, kuti pasatsale kanthu komukokera m'mbuyo. Mateyu ananyamuka pa mpando wa msonkho, Petro ndi Andreya anasiya makoka awo m'mbali mwa nyanja. Tsono tinene chiyani? Kapena Bukulo lidzitsutsa lokha, kapena ife tasokoneza zinthu ziwiri zosiyana, ndizo maitanidwe ndi ntchito.

Ine ndikhulupirira kuti cholakwa chili ndi ife. Taonani mlimi: potsegula mphanje agwira nkhwangwa, mitengo itagwa atenga khasu, udzu wofolera nkhokwe aumweta ndi chisikilo, ndipo pokolola asenza dengu, koma palibe munthu wanzeru amene, poona mlimiyo atatsamiritsa nkhwangwa pamtengo natola khasu, adzanena kuti wasiya ulimi, pakuti munda ndi womwewo, mwini munda ndi yemweyo, chasintha ndi chida chokha monga mwa nyengo. Momwemonso maitanidwe a munthu ndi amodzi kuyambira ubwana kufikira imvi, ndiwo kuopa Mulungu ndi kutumikira anzake ndi mphatso zimene anapatsidwa. Ukalaliki, uphunzitsi, usodzi ndi ukalipentala ndizo zida. Paulo amene analangiza kukhazikika anali iye mwini wophunzira wa Gamaliyeli, pambuyo pake mlaliki woyendayenda, ndipo ku Korinto anasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila. Chimene sanafune ndicho chakuti munthu ayese kuti Mulungu ali kutali ndi malo amene iye ali, nayambe kuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira.

Tikamvetsa ichi, lichoka limodzi la mantha aakulu a munthu wosintha ntchito ali wamkulu, ndilo lakuti zaka zake zonse zam'mbuyo zapita pachabe. Mose akadapanda kukulira kubwalo la mfumu, sakadadziwa mayankhulidwe a pamaso pa mafumu. Akadapanda kutsata nkhosa m'chipululu zaka zonse zija, sakadadziwa kumene kupezeka madzi, kapena kupirira ndi gulu losamva. Madzi saiwala khwawa. Kalaliki amene wasunga mabuku a ndalama zaka 24, akatsegula nyumba yopalira matabwa, adzadziwa kuwerengera mtengo wa thabwa, misomali ndi thukuta, chinthu chimene chagwetsa amisiri ambiri aluso lawo. Ndipo anyamata ake adzaphunzira kwa iye macheka pamodzi ndi cholembera. Mulungu sataya nyenyeswa za moyo wa munthu.

Ndiponso tisaiwale kuti m'dziko lathu lino anthu ambiri anasintha ntchito osafunsidwa. M'mwezi wa April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo kuchokera kumigodi; zitatero Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku Joni, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 anabwerera kumudzi. Ambiri a iwo anali atazolowera chitsulo ndi mdima wa pansi pa nthaka kuyambira unyamata wawo, koma anagwira makasu, ena nakhala pa makonde a masitolo ndi makina osokera amene anabwera nawo, ena natsegula timagolosale, ena nalowa m'minda ya fodya. Ndipo ana amene anaphunzitsidwa ndi ndalama za telala wa pakhonde alipo ambiri pakati pathu. Chakudza sichiimba ng'oma. Ngati tinena kuti maitanidwe a munthu ndi ntchito yake yoyamba, ndiye kuti amuna onsewa anakhala moyo wawo wotsala kunja kwa chifuniro cha Mulungu, ndipo ine sindingathe kuvomera mawu otere. Mwambo wathu womwe udziwa kusintha kwa pa ukulu: ufumu ukagwa, amayi aakulu a mbumba akhala pansi nasankha mwana wa mlongo wake wa mfumu, amene kapena ali m'tauni pa ntchito yake, mutu uli mbuu, amuitana, amulangiza mwambo monga namwali, namulonga, ndipo alowa dzina la amalume ake. Koma taonani bwino: mfumu sidzilonga yokha.

Apa ndipo pagona nkhani, pakuti si kutentha mtima kulikonse kumene kuli kuitana kwa Mulungu. Yona naye ananyamuka ulendo, nalipira ngalawa ndi ndalama zake, koma anali kuthawa Nineve. Alipo amene afuna ntchito yatsopano chifukwa anayambana ndi mkulu wa pantchito, ena chifukwa mnzawo wa m'kalasi wamanga nyumba yamalata, ena chifukwa atopa ndi iwo eni, osadziwa kuti kumene apitako adzapita ndi mtima womwewo. Ndipo kwa otere ntchito ya mnzawo ili ngati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tidzasiyanitsa bwanji Elisa ndi Yona, popeza onse awiri alongedza katundu?

Mbiri ya John Newton yandithandiza pa funso limeneli. Munthuyu anabadwa mu 1725 ku London, nakulira panyanja, nakhala mtsogoleri wa zombo zonyamula akapolo kuchokera kugombe la kumadzulo kwa Africa. Ndipo tiyenera kunena poyera kuti ngakhale atayamba kupemphera, pambuyo pa namondwe amene anatsala pang'ono kumumiza mu 1748, anapitirizabe malonda oipawo, kufikira matenda anamutsitsa m'chombo mu 1754. Anapeza ntchito ya boma yoyendera zombo padoko la Liverpool, ndipo m'menemo mtima wake unayamba kukokera ku ubusa. Sanataye ntchito tsiku lomwelo. Anadziphunzitsa Chigriki ndi Chihebri m'maola ake opuma, anapempha kudzozedwa nakanidwa, nadikira zaka zingapo akudyetsa banja lake ndi ntchito ya padokoyo, kufikira mu 1764, ali pafupi ndi zaka 40, pamene analandiridwa natumizidwa ku Olney. Chikhumbo chimene chipirira kukanidwa ndi kudikira kotere, osazilala, chili ndi mizu. Cha Yona chifuna ngalawa ya lero lomwe.

Koma chimene chindigwira mtima koposa chinachitika mu 1785. Mnyamata wina wa m'nyumba ya malamulo ya Britain, William Wilberforce, atatembenuka mtima, anayamba kuganiza zosiya ndale, napita kwa Newton, amene pa nthawiyo anali mbusa mu London, kukafunsa nzeru. Munthu akadayembekeza kuti iye amene anasiya nyanja nalowa ubusa adzati, chita monga ndinachitira ine; koma Newton anamulangiza kuti akhale pomwepo natumikire Mulungu m'nyumba ya malamulo. Wilberforce anamvera, natsogolera nkhondo yothetsa malonda a akapolo; Newton mwini analemba mu 1788 kabuku koulula zoopsa zimene anaziona ndi kuzichita; ndipo lamulo loletsa malondawo linakhazikitsidwa mu 1807, chaka chomwe nkhalambayo inamwalira. Mmodzi anasintha chida, wina anasunga chake, ndipo onse awiri analima munda umodzi. Newton sanayese kusintha ntchito ngati chinthu chopatulika mwa icho chokha. Anafunsa kumene munthu uyu, ndi mphatso zake, adzathandiza anthu koposa. Ndipo Wilberforce sanadziweruze yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Utsalanso mtengo umodzi umene ambiri sauwerengera, ndiwo kubwerera ku ubwana. Nikodemo, mkulu wa Ayuda, anazizwa kuti munthu wokalamba angabadwe bwanji kachiwiri; ndipo ngakhale Ambuye ananena za kubadwa kwa mzimu, kuzizwa kwa Nikodemo akudziwa bwino aliyense amene, atazolowera kupatsidwa mpando ndi kutchedwa bwana, aimirira pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake namva kuti thabwa walidula mokhota, ayambenso. Manja amene anazolowera cholembera adzatuluka matuza, maso adzachedwa kuona chimene achinyamata aona msanga, ndipo a pamudzi adzanong'onezana. Walira mvula walira matope. Koma ndiyesa kuti m'kudzichepetsa kumeneku muli mankhwala a moyo, pakuti ukulu uli ndi nthenda yake, ndiyo kuuma kwa mtima umene waleka kufunsa. Ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga za kuchedwa? Ambuye anaphera fanizo la mwini munda wamphesa amene anatuluka mamawa kukalemba antchito, natulukanso dzuwa litakwera, ndi masana, ndiponso litatsala pang'ono kulowa, napeza ena ataima chabe pamsika, nawatuma iwonso kumunda. Fanizoli linena za chisomo, koma litiphunzitsanso kuti mwini munda ndiye mwini dzuwa, ndi kuti iye sachita manyazi kulemba munthu madzulo. Ife tiwerenga zaka zotsala tisanapume pantchito. Iye ayang'ana mizere imene isanalimidwe.

Patapita masabata atatu ndinapita kwa mlamu wanga, ndipo titakhala pakhonde pamodzi ndi mlongo wanga, mkazi wawo, pakuti nkhani yotere siikambidwa mwini nyumba ali kukhitchini, ndinati, "Alamu, kusiya ukalaliki si kukana nsima ya Mulungu, malinga ngati simusiya kumutumikira. Koma musathamange. Loweruka lililonse pitani kwa mmisiri, mugwire macheka ndi sompho chaka chathunthu muli pantchito yanu. Muwerengere pamodzi ndi mayi awa fizi ya ana kufikira wotsiriza atamaliza. Mukafunse akulu a mpingo ndi a kumudzi ngati anyamata aja akufunadi chimene mufuna kuwapatsa. Chaka chikatha, mtima ukali pomwepo, manja atalimba, ndipo a m'nyumba mwanu atavomera ndi mtima woyera, pitani, ndipo ine ndidzakhala woyamba kugula mpando. Koma moto ukazima, khalani pa desiki yanu mokondwera, podziwa kuti pamenepo ndi pamunda pomwe."

Mlongo wanga, amene anakhala chete nthawi yonseyi, anati, "Achimwene, mawu awa ndawamva, chimene ndinkaopa ine ndi kudzuka m'mawa n'kupeza munthu wataya ntchito osandiuza." Loweruka lotsatira ndinawaona alamu anga ali m'kashedi ka mmisiri wina wa zaka zosafika 30, malaya atapinda, utuchi uli m'tsitsi momwe muli imvi, atagwira thabwa ndi manja awiri, akufunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, apa ndiyambire mbali iti?"