Agogo Akayamba Kuiwala, Tiyambe Tafunsa za Shuga

Akhristu anzanga, pa chaka cha Banja Loyera lero tamva Mphunzitsi Sira akutilangiza kuti tisamale makolo athu akakalamba, ndipo nzeru zawo zikayamba kuchepa tisawanyoze. Buku limeneli linalembedwa zaka pafupifupi 200 Ambuye Yesu asanabadwe, koma likunena zomwe zikuchitika m'miphakati yathu: agogo amene ankatsogolera Kolona osaphonya, lero saadziwanso dzina la mdzukulu wawo.

Kuiwala kotereku ndi matenda a mu ubongo, ndipo chimodzi mwa zinthu zomwe zimawatsegulira khomo ndi matenda a shuga. Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka zambiri, amawononga timitsempha ting'onoting'ono ta magazi. Ambirife timadziwa kuti amaononga maso, impso ndi mapazi. Timitsempha tomweto tilinso mu ubongo, ndipo tikamatsekeka pang'onopang'ono mbali zina za ubongo zimasowa chakudya n'kufa. BP ikakhalanso yokwera, vuto limakula. Mu 2020 akatswiri a magazini ya zaumoyo ya The Lancet anaika shuga pakati pa zinthu 12 zomwe zimachulukitsa chiopsezo cha matenda oiwalawa, koma zoti munthu angathe kuchitapo kanthu. Si aliyense wa shuga amene adzafike poiwala, ayi, koma mwayi woti zitero ndi wokulirapo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayi wokalamba akasokera usiku n'kupezeka mbandakucha pakhomo la eni ake atavala mosalongosoka, timathamangira kunena kuti wagwa m'ndege ya ufiti. Ena mwa onena zimenezi amakhala atalandira Ukaristia Lamulungu lomwelo. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti, ndipo lamulo lachinayi la Mulungu silinachotsepo makolo amene asokonezeka mutu. Mayi ameneyo ndi wodwala. Amperekezeni kunyumba, kenako kuchipatala, ndipo mupemphe kuti amuyeze shuga ndi BP.

Inu amene mukusamalira kholo la shuga, dziwani kuti munthu woiwala akhoza kudumpha mankhwala, kapena kubaya insulin kawiri poganiza kuti sanabaye. Akabaya kawiri shuga amatsika kwambiri: amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kulankhula zosamveka. Ngati akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga msanga n'kuthamangira naye kuchipatala. Pakhale munthu mmodzi pabanja wosunga mankhwalawo ndi kukumbukira tsiku la sikelo yawo.

Ndipo wina asakunamizeni kuti musiye mankhwala chifukwa mwapemphereredwa. Sira yemweyu, pa mutu 38, akutiuza kuti tilemekeze sing'anga chifukwa luso lake ndi lochokera kwa Mulungu. Sakramenti la Kudzoza Odwala silichotsa mapiritsi patebulo.

Ife achinyamata nkhaniyi isatipite pambali. Shuga woyamba munthu ali ndi zaka 40 amakhala ndi nthawi yaitali yowononga ubongo kuposa woyamba pa ukalamba, ndipo ambiri amakhala naye zaka osadziwa. Mabotolo a zoziziritsa kukhosi omwe tatsegula pa Khrisimasiyi tiwawerenge bwino. Atsogoleri a miphakati, pamsonkhano wa sabata ino lembani mayina a okalamba amene asiya kubwera ku Misa, muwapereke kwa Bambo Mfumu kuti akawayendere.