Mapazi a agogo

Mu June ku Dedza, agogo atatsala pang'ono kutisiya, tinkawafunditsa mabulangete atatu, koma mapazi awo ankangoti zii ngati mwala wa mumtsinje. "Mdzukulu wanga, kodi chitseko mwatseka?" ankafunsa usiku uliwonse. Chinali chotseka.

Bulangete lilibe moto wakewake. Limangosunga mpweya pakati pa ulusi kuti kutentha kwa thupi kusathawe msanga. Mukakulunga mwala wozizira m'bulangete, kudzacha uli chizizirire. Thupi la munthu wathanzi limadzikolezera lokha n'kukhala pa madigiri pafupifupi 37, koma mwa agogo makala anali akuzilala. Buku loyamba la Mafumu limasimba zomwezi za Davide atakalamba: zofunda zinalephera, mpaka anamufunira namwali Abisagi kuti azigona pafupi naye.

Usiku wina ndinagwira mapaziwo ndi manja anga onse awiri. Pang'onopang'ono anayamba kufunda, ndipo zala zanga zinayamba kuzizira. Kutentha kumayenda choncho nthawi zonse, kuchoka kofunda kupita kozizira, monga momwe kumakwerera pa supuni yoiwalika m'kapu ya tiyi. Sikuchulukana panjira ayi. Komwe kunalowa mwa agogo n'komwe kunachoka mwa ine.

Kuyambira usiku umenewo funso lina silindichoka: kodi Mulungu akatikonda, pali chimene chimamuchokera? Ndinakula ndikumva kuti Iye sasintha, sachepa, amangopereka ngati dzuwa. Ndimalemekeza chiphunzitso chimenechi, ndipo anachiganizira ndi anthu ozama kuposa ine. Koma dzuwa limawothetsa lili patali, osakhudza munthu, ndipo agogo usiku silinkawathandiza.

Chimene chimandigwira mtima chili pa Marko 5. Mayi wodwala nthenda yotaya magazi kwa zaka 12 anakhudza chovala cha Yesu m'chikhamu. Anthu ankamupanikiza mbali zonse, komabe Iye anazindikira kuti mphamvu yatuluka mwa Iye, natembenuka kufunafuna amene wamukhudza. Anamva kuti china chake chamuchokera. Mulungu amene ine ndimakhoza kupemphera kwa Iye ndi ameneyu, wodziwa kuzizira kwa manja a munthu wofunditsa mnzake.

Agogo anagona tulo usiku umenewo osafunsanso za chitseko. Ine ndinakawotha manja pa mbaula, kenaka n'kubwerera kukagwiranso mapazi awo.