Mbewu ya pa Mpondasi

Mkhristu amene wanyamuka wapansi ku Monkey Bay kupita kukapemphera ku tchalitchi lalikulu la Augustino Woyera ku Mangochi, amakhala ndi mtunda wa makilomita oposa 60. Ndi ulendo wa masiku awiri kwa munthu wa miyendo yolimba. Nyanja ili kumanzere, Korona m'manja, amadutsa pa Makawa, pa Maldeco ndi pa Namiyasi, usipa utayanikidwa m'mathandala. Akayandikira tauni, mtima umathamangira kumapeto a ulendo, ndipo n'kwapafupi kudutsa pa Mpondasi osacheuka n'komwe. Chonsecho mbiri ya Mpingo wa Katolika m'Malawi idayambira pamenepa.

Dzina lakuti Mpondasi lidachokera kwa mfumu Mponda ya Ayao, imene mudzi wake udali pafupi ndi pomwe mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. Pa 28 Disembala 1889 adafika kumeneku amishoni a chipani cha White Fathers, otumidwa ndi Kadinala Lavigerie: Bambo Lechaptois, Bambo Mercui, Bambo Heurtebise ndi Bulazala Antoine. Idali nyengo yovuta. Malonda a akapolo adali m'kati, Angerezi ndi Apwitikizi ankalimbirana dziko, malungo nawo osawapatsa mpata alendowo. Komabe adatsegula kasukulu, ankapereka mankhwala kwa odwala, ndipo ankapereka nsembe ya Misa. Mu Juni 1891 adalongedza katundu n'kulowera kumpoto, ku Mambwe, dera lomwe lero lili m'Zambia. Adakhala chaka ndi theka basi, ndipo sadasiye mpingo.

Wina akadawafunsa tsiku limenelo kuti apindulanji, akadasowa choloza. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Koma mame, ngakhale sachedwa kukamuka, amasiya chinyontho m'nthaka.

Patapita zaka khumi, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort adakhazikika ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Mu 1902 a White Fathers adabwerera n'kutsegula Mua. Mu 1973 Mangochi idakhala Dayosizi, Episkopi wake woyamba ali Ambuye Alessandro Assolari. Lero mabelu akulira Lamulungu lililonse m'dera lomwelo limene amishoni oyamba adachokamo chimanjamanja. Mwa anayi aja palibe amene adaiona Dayosiziyi ndi maso.

Pa Yohane 4:35-38, Ambuye Yezu akuuza ophunzira ao kuti wofesa ndi wokolola kawirikawiri sakhala munthu mmodzi, ndiponso kuti iwo akudyerera thukuta la ena amene adalima kale. Paulo Woyera naye, pa 1 Akorinto 3, akukumbutsa Akhristu okangana kuti wobzala ndi wothirira ndi antchito chabe. Wokulitsa mbewu ndi Mulungu. Wantchito amafunsidwa kukhulupirika. Tsiku lokolola lili m'manja mwa mwini munda.

Mau amenewa ngofunika m'parishi muno, pakuti otopa alipo. Alipo mkatekisti amene adayamba chaka ndi akatekumeni odzaza benchi, koma usodzi utayamba kugwira adatsala ndi owerengeka. Alipo mayi amene wakhala akupempherera mwamuna wake kuti asiye mowa, zaka zikungopita. Lilipo kholo limene mwana wake adapita ku Joni n'kuiwala khomo la tchalitchi. Ulipo mphakati umene amasonkhana ndi agogo atatu okha. Onsewa mdyerekezi amawanong'oneza chinthu chimodzi: kuti akungotaya nthawi. Ena amvera, asiya maudindo, ndipo ena asiya ngakhale kupemphera. Apa ndiye pali ngozi, chifukwa munda wosiyidwa ndi umene subala.

Wapaulendo akalowa m'tauni amaona nsanja ya wotchi ya mu 1903 yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi mzinga wa sitima ya Gwendolen pafupi ndi mlatho. Tauniyi inkatchedwa Fort Johnston, ndipo eni mizingayo ankaoneka kuti adzakhala mpaka kalekale. Ulamuliro wao udatha mu 1964. Misa ija imene amuna anayi odwaladwala ankachita m'kanyumba kwa Mponda ikuchitikabe mpaka lero.

Pa Mpondasi pali phunziro linanso. Amishoni aja adakhala pakati pa Asilamu ngati alendo, nachiza aliyense wobwera kwa iwo. Wapaulendo wa lero naye ludzu likamugwira, nthawi zambiri chikho cha madzi amachilandira pakhomo la Msilamu. Achilandire ndi manja awiri, athokoze, ndipo banja limenelo alitchule m'mapemphero ake.

Si onse angathe kuyenda mpaka ku Mangochi. Koma sabata ino mphakati uliwonse ungathe kuyenda mtunda waufupi: kukafika pakhomo la Mkhristu mmodzi amene adagwa mphwayi, osati kukamuweruza, koma kukamuuza kuti malo ake akadalipo. Mwina sabwera Lamulungu likudzali. Mwina adzabwera amene adamuyenderawo atagona kale kumanda. Zimenezo n'za mwini munda.

Mulungu apatse mpumulo wosatha amishoni a pa Mpondasi, ndipo alimbitse mitima ya onse amene akufesa osaona zokolola. Amen.