Pangano la Hong Kong

Kodi pangano limanga wamphamvu ngati palibe womkakamiza kulisunga? M'caka ca 1984 maboma a Britain ndi China anapangana kuti mzinda wa Hong Kong, pobwerera ku China mu 1997, udzasunge makhoti ace ndi ufulu wa kulankhula zaka 50. Eni mzinda anangouzidwa, ndipo nkhoswe yao inabwerera kwao kutsidya la nyanja.

Mu 2019 makamu anadzaza miseu, kukana lamulo lotumiza oimbidwa mirandu ku makhoti a China. Ena anaononga zinthu, ndipo apo analakwa. Koma kulakwa kwa owerengeka sikumasula wolonjeza ku mau ace. Mu 2020 Beijing inaika lamulo la citetezo, atsogoleri ambiri namangidwa. Nyuzipepala ya Apple Daily inatsekedwa mu 2021, pa zaka 50 zija zitangopita 24.