Sitima ya Machesi ndi Njira ya Madzi

 Madzulo ano, omvera wailesi, tikambirana za masewera a ana athu, komanso za njanji imene imadutsa pakati pa midzi yathu kuno kwa Tengani.

Ana a kuno amadziwa kuumba. Amaumba ng'ombe zadongo n'kuzibaya minga kuti zikhale nyanga, amapinda mawaya n'kukhala galimoto yokhota bwinobwino. Ena amapitirira pamenepo. Amasesa kabwalo kuseri kwa nyumba, kuyala timizere tiwiri ta bango long'alula, kulumikiza mabokosi a machesi ndi ulusi, basi sitima yakwana. Komatu ambiri mwa ana amenewa akula osaonapo sitima ya anthu itaima pasiteshoni ya kwawo. Amaidziwira m'nkhani za agogo awo ndi pa zitsulo zadzimbiri zimene amadumpha popita kusukulu.

Njanji imeneyi ndiyo inali yoyamba kufika ku Blantyre. Akampani ya Shire Highlands Railway ankafuna kuti iyambire ku Chiromo, poganiza kuti sitima zapamadzi zizitula katundu pamenepo. Koma madzi a Shire anachepa m'zaka zimenezo, sitima zapamadzi n'kumatsakamira pamchenga, ndiye anakakamizika kukayambira kumunsi, ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje Boma. N'chifukwa chake njanji inadzera kwa Tengani. Mu 1908 sitima inafika ku Blantyre. Mu 1915 njanji inali itafika ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pakati pa Sena ndi Mutarara, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, kuti sitima zizifika ku Beira popanda kuolotsa katundu pamadzi.

Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Kenaka mu 1997 madzi osefukira anakokolola mtumbira wa njanji cha ku Chiromo, Bangula ndi Makhanga n'kulekana. Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana ake. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anadzangotosanso chilonda. Boma linayambitsa ntchito yomanganso makilomita 72 kuchokera ku Marka kukafika ku Bangula, ndipo kwa Tengani kuli m'kati mwa mtunda umenewo. Mukaiunika bwino mbiri yonseyi, kupatula zaka za nkhondo zija, muona kuti madzi ndiwo akhala akulamula. Kuchepa kwa madzi kunabweretsa njanji kuno, kuchuluka kwa madzi kunaidula.

Tsono tibwerere kwa mwana wopanga sitima ndi mabokosi a machesi. Zimene akuchitazo, m'maiko ena ndi ntchito ya akuluakulu andevu zawo. Mumzinda wa Hamburg ku Germany muli nyumba yotchedwa Miniatur Wunderland, imene mapasa awiri, Frederik ndi Gerrit Braun, anatsegula mu 2001. M'menemo muli tinjanji ting'onoting'ono totalika makilomita oposa 15 tikaphatikizidwa, ndi tizidole ta anthu toposa 250,000. Pafupifupi chilichonse anachichepetsa ndi muyeso umodzi: masentimita 87 a chinthu chenicheni amasanduka sentimita imodzi. Munthu wamkulu amakhala pafupifupi masentimita 2, ndipo mlambe wa mamita 15 ungakhale masentimita 17 okha. Pa mphindi 15 zilizonse magetsi amazilala, kukhala ngati kwada, kenaka kumachanso. Anthu amachokera kutali kukaona zimenezi. Koma tisitima tambiri toyenda pa tinjanjito n'togula kusitolo. Chimene chimadya miyezi ndi zaka za amisiri ndi zonse zozungulira njanjiyo: mapiri, zigwa, mitengo, milatho, misewu, nyumba ndi anthu.

Mwana wa kwa Tengani amatulukira zomwezo popanda womuuza. Kulumikiza mabogi satha nako ola. Akangomaliza amaona kuti sitima yakeyo ili pabwalo lopanda kanthu, ilibe kochokera, ilibe kopita. Ndiye amayamba kumanga dziko loti idutsemo, ndipo apa m'pamene ntchito yeniyeni imayambira.

Poyamba pafunika mtumbira, chifukwa njanji m'chigwa muno siigona pansi penipeni. Akatenga dothi la makande lokha, likauma limang'ambika monga limachitira m'minda yathu mwezi wa Okutobala, ndipo njanji yake imapindika. Amaphunzira kusakaniza dongo la pachulu ndi mchenga kapena mankhusu a mapira. Pamwamba pake amayala timitanda ta ndodo za machesi motalikirana mofanana, kenaka timiyala tosefa m'malo mwa miyala ya kwale. Kumadzulo amaunjika dothi kukhala mapiri a Matandwe. Kum'mawa amakumba kangalande kokhotakhota, ndiye Shire, n'kubzala tiudzu m'mbali mwake kuti likhale bango. Mlambe amauumba ndi dongo, thunthu lonenepa, pamwamba n'kuzika mizu youma ya thonje moizondotsa kuti ikhale nthambi. Mgwalangwa ndi kamtengo kowongoka kokhala ndi nthenga kunsonga. Pambali pa njanji amakhwekhwereza chala kuti udutse msewu wa M1.

Pakafika poika anthu, masamu amalowa okha. Ngati bogi ndi bokosi la machesi, munthu sangatalike ngati chala, apo ayi adzaposa sitima imene akufuna kukwera. Bogi lenileni ndi lalitali pafupifupi ngati anthu khumi atagona mondondozana, choncho munthu wa m'mudzi wa machesiwu ayenera kukhala wamng'ono ngati njere ya mpunga. Ng'ombe yadongo ija, imene dzulo inali yabwinobwino, lero yasanduka chilombo choposa nyumba, ndipo ayenera kuumba ina. Palibe mphunzitsi pamenepo, palibe choko, koma mwanayo wagwira phunziro limene ena amavutika nalo m'kalasi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kuona mtima kumene masewerawa amafuna. Muuzeni mwana ajambule mtsinje papepala, aupaka mtundu wa mtambo, chifukwa ndi mmene amauonera m'mabuku. Koma Shire wa kwathu nthawi ya dzinja ndi wofiirira, wodzaza matope ochokera kumtunda. Woumba amene akufuna kuti anzake anene kuti "apa ndi kwathu ndithu" ayenera kupita kukayang'ana ndi maso ake. Ayenera kuona kuti mjigo uli mbali iti ya msewu, kuti ngolo ya ng'ombe imadumpha njanji pati, kuti amayi ogulitsa masau ndi makakana owamba amakhala pamthunzi uti, kuti bwato limakocheza padooko liti. Akaika phiri pamene palibe phiri, anzake amutsutsa pomwepo. Akabisa nyumba imene inagwa ndi madzi, wina afunsa kuti nanga ya a uje ija ili kuti. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wakhala chogwada masana onse akukonza kamlatho ka bango akuphunzira kudekha kumeneko. Munthu wozolowera kuyang'ana chinthu mpaka atachiona mmene chilili savutika kunena zoona za icho. Mboni yabwino pabwalo la mfumu, namwino wabwino, mmisiri wabwino, onse amayambira pamenepa.

(Kanyimbo pang'ono)

Tikupitiriza, omvera athu. Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kholo lililonse kapena mphunzitsi aliyense kuti achite pamodzi ndi mwana amene wamanga njanji yotere. Tengani chikho cha madzi, muthire pang'onopang'ono pa mapiri adothi aja, ndipo nonse muyang'ane. Madziwo atsika kufunafuna Shire, monga imachitira mitsinje yathu yochokera kumapiri a kumadzulo, imene chilimwe imakhala mchenga wokhawokha koma mvula ikagwa kumtunda imabwera mwaukali. Panjira akumana ndi mtumbira wa njanji utapingasa. Ngati mwanayo sanasiye podutsira, madzi aima, akwera, amiza tinyumba ta kumtunda kwa njanji, kenaka aboola pofooka n'kukokolola njanji ndi mabogi omwe. Mwanayo akwiya, mwina alira. Musamumangire ndinu. M'mawa mwake adula kabango kamphako n'kukakwirira pansi pa mtumbira, ndipo ameneyo ndiye kalavati wake woyamba. Mukathiranso madzi aona kuti kabango kamodzi kachepa, kapena kuti katsekeka ndi zinyalala. Aphunziranso kuti phiri limene walibzala tiudzu limatsitsa madzi mofatsa, pamene lopanda kanthu limatsika ndi dothi lake lomwe n'kukwirira kalavati uja.

Zimene mwanayo waona pakabwalo kakeko n'zimene zimachitika panjanji yeniyeni, ndipo pamenepa nkhani yafika kwa ife akuluakulu. Timakonda kufunsa kuti sitima ibwera liti, ngati kuti zonse zili m'manja mwa boma ndi akampani. Mbali yawo ilipodi, ndipo ndi yaikulu: milatho ikhale yokwera mokwanira, makalavati akhale aakulu molingana ndi madzi a masiku ano, ndalama za ntchitoyi zigwire ntchito yake. Tili ndi ufulu wonse wowafunsa zimenezo mosaopa. Koma dziko lozungulira njanji lili m'manja mwathu. Amene amatapa miyala ya kwale pamtumbira kukathira maziko a nyumba ndi munthu wa m'mudzi momwemo. Amene amamasula zitsulo usiku kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha ali ndi achibale amene amadziwa. Khasu limene limalima mpaka m'tsinde mwa mtumbira ndi lathu, zinyalala zimene zimatseka kalavati ndi zathu, ndipo makala ochokera kumapiri amatsika panjinga zathu.

Sindikunena izi monyoza. Ndikudziwa chaka cha njala mmene chimakhalira kuno, pamene amayi amalowa m'dambo kukazula nyika kuti ana agone atadyako kanthu, ng'ona zili momwemo. Munthu amene ana ake agona ndi njala masiku awiri, chitsulo cha njanji yosayenda sitima amachiona ngati thumba la ufa. Ndiponso njanji ikakhala zaka zochuluka chonchi ili duu, anthu amayamba kuiyesa yopanda mwini. Koma tiyeni tinene zoona ngati mwana uja. Ndalama ya chitsulo chimodzi imatha sabata isanathe, pamene bowo limene chasiya limadikira sitima yodzaza anthu. Ndipo kalavati akatsekeka, madzi asanagwetse njanji amayamba alowa m'nyumba ndi m'nkhokwe za anthu okhala pafupi, amene mwina sanatengepo ngakhale mwala umodzi. Mlimi wa thonje amene amalipira ndalama zambiri kuti mabelo ake akwere lole, mayi wa geni amene angapite ku Nsanje pamtengo wotsika, wodwala amene angafike kuchipatala osagwedezeka pakabaza, onsewa amaberedwa pamene mtumbira ukuguguka pang'onopang'ono.

Kwa inu amayi ndi abambo, pempho langa ndi ili. Mwana akabwera manja ali matope okhaokha, kabudula atada, musathamangire kunena kuti wataya tsiku. Ntchito zapakhomo agwire, mbuzi akatsekere, kusukulu apite, zimenezo sitikutsutsa. Koma tsache lisadutse pamudzi wake wadothi iye asanakuonetseni. Gwadani muone, mumufunse kuti ichi n'chiyani, nanga madzi adzera pati. Ana aakazi nawonso apatsidwe mpata, chifukwa nthawi zambiri mnyamata akamaumba, mlongo wake amakhala ali pamjigo ndi ndowa, chonsecho maso ndi manja ali nawo chimodzimodzi.

Ndipo inu agogo amene munakwerapo sitima kuchokera kuno kupita ku Limbe, kudzera ku Chiromo, Sankhulani, Thekerani ndi Luchenza, muli ndi zimene ana amenewa sangazipeze kwina. Mdzukulu akakufunsani kuti, "Agogo, sitima inkaima pati? Nanga anthu ankakhala mbali iti podikira?" musamuyankhe mutakhala pamkeka. Dzukani m'mamawa dzuwa lisanapse, mugwire ndodo yanu, mupite naye pamalopo. Mumuonetse pamene ankagulira matikiti, pamene ankakwezera thonje, pamene amayi ankaima ndi malichero a malonda. Pobwerera muyende naye m'mbali mwa njanji, muwerenge pamodzi makalavati amene mwadutsa, musuzumiremo kuti muone angati ali otseguka ndi angati adzaza mchenga. Otsekekawo mukawauze a mfumu kapena a komiti ya chitukuko ya m'mudzi mvula isanayambe, ndipo mdzukuluyo apite nawo, chifukwa iyeyo ndiye akhale atasunga chiwerengero.